Kuyera kwa Mano ndi Kuyera kwa Madzi: Zoyambitsa, Kapewedwe ndi Chithandizo cha Mano Achikasu, Poyang'ana Dera la Chikwa

1.0 MAWU OYAMBA

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza zimene zimachititsa kuti mano a munthu akhale achikasu, njira zopewera vutoli, ndiponso chithandizo chimene chilipo. Ena angadabwe kupeza mutu wotere pakati pa nkhani za ziyankhulo, pakuti mano ndi nkhani ya kuchipatala. Komabe uphungu wa zaumoyo umafika kwa mwana wa sukulu ndi kwa kholo la kumudzi kudzera m'mawu, ndipo amene amasankha mawuwo ndi olemba mabuku, omasulira ndi aphunzitsi a chiyankhulo. Mawu akasankhidwa mosasamala, uphungu wabwino umatha kupweteka amene umafuna kuwathandiza.

Mfundo yathu ndi imodzi. M'Chichewa tsinde loti -yera limasenza matanthauzo angapo nthawi imodzi, monga mtundu wa chinthu, ukhondo ndi ungwiro. Chifukwa cha ichi womva amatenga mano amene sali oyera ngati mano auve, ndipo amatenga madzi owoneka oyera ngati madzi abwino. Maganizo awiriwa kawirikawiri amakhala owona, koma pali chikasu china cha mano chimene chimawatsutsa onse pamodzi. Chikasu chimenechi chimadza ndi madzi owoneka oyera, ndipo chimagwira ngakhale mwana amene amatsuka m'kamwa tsiku ndi tsiku. Tiyamba ndi kulongosola dera limene tasankha, kenaka tiwona mawu a mitundu, mapangidwe a dzino, zoyambitsa chikasu, kapewedwe ndi chithandizo. Potsiriza tipereka maganizo athu pa ntchito ya aphunzitsi a chiyankhulo.

2.0 CHIKWA NDI CHIGWA CHA LUANGWA

Chikwa ndi dera la mfumu ya dzina lomwelo m'boma la Chama, kumpoto kwa chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia. Bomali lidali m'chigawo cha Muchinga kwa zaka pafupifupi 10 chigawocho chitakhazikitsidwa mu 2011, koma mu 2021 lidabwezedwa Kum'mawa. Mafumu ena a m'bomali ndi monga Kambombo, Tembwe ndi Chifunda. Anthu ambiri kumeneku ndi Asenga, ndipo chiyankhulo chawo, Chisenga, chimafanana kwambiri ndi Chitumbuka. Ngakhale zili choncho, mwa ziyankhulo 7 za m'dzikomo zimene boma la Zambia lidasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu, chimene chidapatsidwa chigawo cha Kum'mawa ndi Chinyanja. Motero mwana wa ku Chikwa amamva uphungu wa ukhondo m'chiyankhulo chimene si cha pakhomo pake.

Tasankha derali pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi cha chiyankhulo, monga tangonena kumene. Chachiwiri ndi cha malo. Chikwa ali m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa, chimene chidapangika nthaka itang'ambika ndi kutitimira kalekale. Chigwachi ndi cha mtundu umodzi ndi chigwa cha nyanja ya Malaŵi ndi cha Shire, ndiponso zigwa zazikulu za ku Tanzania, Kenya ndi Ethiopia. M'zigwa zotere mumapezeka akasupe a madzi otentha, monga a Chichele kudera la Nsefu m'chigwa chomwechi cha Luangwa, kapena a Mawira ku Nkhotakota. Kuwonjezera apo, m'chigwa cha Luangwa mumatentha koopsa, makamaka m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Mitsinje yaing'ono ikaphwa m'chilimwe, anthu amadalira madzi a pansi pa nthaka, a m'zitsime ndi m'mijigo, ndipo amamwa ambiri chifukwa cha ludzu. Tiwona kutsogoloku kuti zinthu zitatuzi, ming'alu ya nthaka, madzi a pansi ndi kutentha, zimakhudza mano a ana.

3.0 MAWU A MITUNDU M'CHICHEWA

Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay adafalitsa kafukufuku wawo wa mawu a mitundu m'ziyankhulo zosiyanasiyana. Iwo adawonetsa kuti chiyankhulo chikakhala ndi mawu atatu okha oyambirira a mitundu, mawuwo amakhala a choyera, chakuda ndi chofiira. Chichewa chimagwirizana ndi mfundo imeneyi. Masinde oti -yera, -da ndi -fiira ndi aneni, ndipo lililonse lili ndi mvekero wake:

(1) Mano ake ndi oyera mbee.
(2) Mphika wada bii.
(3) Maso afiira psuu.

Liwu loti chikasu ndi losiyana ndi amenewa. Ilo ndi dzina la chomera chimene muzu wake umapatsa ndiwo mtundu, ndipo kuti lifotokoze chinthu limayenera kulumikizidwa ku dzina linzake, monga m'mawu oti nsalu yachikasu. Lilibe mneni wakewake. Pa chifukwa chimenechi munthu wamba pofotokoza mano osayera sathamangira liwu loti chikasu. Amatha kunena kuti mano afiira, mano ada, mano achita dzimbiri, kapena mano awola, ngakhale pamene dzino lili lolimba bwinobwino.

Tsopano tiwone matanthauzo a -yera ndi -da m'ziganizo izi:

(4) Nkhuku yoyera yaikira.
(5) Mbale zayera, mutha kupakula.
(6) Munthu uja ndi woyera mtima.
(7) Malaya ada, akufunika kuchapa.

Mu (4) tikunena za mtundu, mu (5) za ukhondo, ndipo mu (6) za khalidwe. Mu (7) malaya akhoza kukhala a mtundu uliwonse, koma ada chifukwa cha litsiro. Choncho wina akati mano ada, womva sangalekanitse mtundu ndi uve, ndipo mneni yekhayo amapereka chithunzi chakuti manowo adali oyera kale, mwini wake ndiye wawalekerera. Chimodzimodzinso mawu oti kuyeretsa mano amatanthauza kuchotsa litsiro komanso kusintha mtundu wa dzino, pamene kuchipatala zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Kwa mwana wa Chisenga pali msampha wina. M'Chitumbuka tsinde loti -tuŵa ndilo limatanthauza kuyera, mpaka m'mapemphero. M'Chichewa kutuwa ndi kuwoneka ngati phulusa, monga khungu losadzola. Mphunzitsi akanena m'Chinyanja kuti madontho otuwa pa dzino ndi chizindikiro cha vuto, mwana akhoza kumva kuti akunena za madontho oyera, ndipo kwa iye kuyera kwa dzino ndi chinthu chabwino. Mawu ofanana kamvekedwe koma osiyana matanthauzo ngati amenewa ndi ofunika kuwasamala polemba mabuku a m'madera a ziyankhulo ziwiri.

4.0 MAPANGIDWE A DZINO

Kuti timvetse zoyambitsa chikasu tiyenera kudziwa magawo a dzino. Kunja kwa dzino kuli chikuto cholimba chimene madokotala amachitcha enamel. Palibe chinthu china m'thupi la munthu cholimba kuposa chikutochi, pakuti magawo pafupifupi 96 mwa 100 ake ndi mchere wa mtundu wa kashiamu. Chikutochi chimalola kuwala kudutsa pang'ono. Pansi pake pali gawo lochindikala lotchedwa dentine, limene m'nkhani ino tilitcha thima la dzino, ndipo mtundu wake wachibadwa ndi wachikasu. Pakati penipeni pali mphako ya mitsempha ndi magazi. Motero dzino lathanzi silikhala loyera ngati pepala. Mano achikulire amawoneka achikasu pang'ono powayerekeza ndi mano aubwana, ndipo makolo ena amada nkhawa pachabe mwana akayamba kuguluka mano ali ndi zaka 6, powona dzino latsopano litaima pafupi ndi lakale loyera kwambiri.

Mwana amakhala ndi mano 20, ndipo wamkulu amakhala ndi 32. Chofunika kwambiri kudziwa ndi chakuti chikuto cha mano achikulire chimawumbidwa mobisika m'kati mwa nsagwada, kuyambira nthawi ya kubadwa mpaka zaka pafupifupi 8, kupatula mano otsiriza a kumapeto kwenikweni amene amachedwa. Dzino likatuluka pa nkhama, tinthu tamoyo timene timawumba chikuto timakhala titatha ntchito ndipo sitibweranso. Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizika, koma chikuto cha dzino chikatha sichimeranso.

5.0 ZOYAMBITSA CHIKASU

Zoyambitsa chikasu tazigawa m'magulu atatu potengera malo amene mtunduwo uli.

5.1 Chikasu chomatirira

Ichi ndi chikasu cha pamwamba pa dzino. Munthu akadya, pa mano pamatsala utawaleza wa tizilombo tosawoneka ndi maso pamodzi ndi zotsalira za chakudya. Zimenezi zikapanda kuchotsedwa zimawuma ndi mchere wa m'malovu n'kusanduka chikhakha cholimba, makamaka kuseri kwa mano am'munsi ndi m'mphepete mwa nkhama. Chikhakhachi chimamwa utoto wa zimene munthu amadya ndi kumwa. Tiyi ndi khofi zili ndi utoto wokakamira. Fodya, kaya wosuta kaya woika m'kamwa, amasiya phula lofiirira limene limalowa m'timing'alu ta dzino. Mankhwala ena a madzimadzi owonjezera magazi, komanso mankhwala ochukuchira m'kamwa a chlorhexidine akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, amadetsanso mano. Pa gulu ili lokha ndi pamene mawu oti mano ada amanena zowona zenizeni, pakuti pali chinthu chimene chamatirira ndipo chingathe kuchotsedwa.

5.2 Chikasu cha kuperepeseka

Pamene munthu akukula, chikuto chimanka chiperepeseka ndi kutafuna, ndipo thima la dzino limanka lichindikala. Chikasu chachibadwa cha m'kati chimayamba kuwonekera. Ichi ndi chifukwa chake mano a agogo sangafanane ndi a mdzukulu ngakhale agogowo akhale aukhondo chotani. Kuperepesekaku kumafulumira ndi zinthu zowawasa monga mandimu ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi za m'mabotolo, ndi asidi wa m'mimba kwa munthu amene amasanza kawirikawiri kapena wa chilungulira, ndiponso ndi kukwecha mano ndi zinthu zokhakhala monga mchenga, phulusa, makala ndi njerwa yopera. Apa pali chododometsa: munthu amene akukwecha mwamphamvu kuti mano ayere ndi amene akuchotsa gawo loyera la dzino, ndipo m'kupita kwa nthawi mano ake amawonjezera chikasu ndi kuyamba kuchita dzanzi akamwa madzi ozizira.

5.3 Chikasu chomera nacho

Gulu lachitatu ndi la mtundu umene uli m'kati mwa dzino lenilenilo. Dzino limodzi lokha likada munthu atagwa kapena kumenyedwa, nthawi zambiri ndiye kuti mitsempha yake yafa. Mankhwala a tetracycline, amene ambiri amangowatcha makapusozi, akamwedwa ndi mayi woyembekezera kapena mwana wosafika zaka 8, amalowa m'mano amene akuwumbidwa n'kusiya mizere yachikasu kapena yotuwa ya moyo wonse. Vuto limeneli lidadziwika m'zaka za m'ma 1950, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene kugula makapusozi pamsika n'kupatsa mwana kuli koopsa. Matenda aakulu ndi kuperewera kwa chakudya pa ubwana nazonso zimatha kusiya zipsera pa chikuto.

Choyambitsa chachikulu m'gulu ili, chimene chimagwira midzi yathunthu, ndi mchere wa fuloraidi ukachuluka m'madzi akumwa. Mbiri ya kudziwika kwake idayamba mu 1901, pamene dokotala wa mano Frederick McKay adafika ku Colorado Springs, m'dziko la America, n'kupeza anthu ambiri obadwira kumeneko ali ndi mano a mawanga ofiirira. Iye adawona kuti obwera atakula kale sadali kugwidwa, ndipo adakayikira madzi. Mu 1931 katswiri wina, H. V. Churchill, adapima madzi a ku Bauxite, m'chigawo cha Arkansas, n'kupeza fuloraidi wambiri. M'zaka zotsatira H. Trendley Dean adakonza muyezo wa kukula kwa vutoli, ndipo adawonetsa kuti fuloraidi wochepa, pafupifupi miligalamu 1 pa lita, amateteza mano kuti asabowoke, pamene wochuluka amawononga chikuto. Chinthu chimodzi chomwecho ndi mankhwala komanso ndi chiphe, malinga ndi kuchuluka kwake. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita mu 1984, ndipo lidachenjeza kuti m'madera otentha, m'mene anthu amamwa madzi ambiri, muyezo woyenera ungakhale wotsikirapo.

Fuloraidi amasungunuka kuchokera m'miyala imene madzi a pansi amadutsamo. Amachuluka makamaka pamene madzi akhala nthawi yaitali pansi, pamene ali otentha, ndiponso pamene ali ndi kashiamu wochepa. N'chifukwa chake vutoli, lotchedwa fulorosisi, limatsata zigwa za ming'alu kuyambira ku Ethiopia, kudzera ku Nakuru m'dziko la Kenya ndi ku Arusha m'dziko la Tanzania, mpaka kuno kwathu. M'Malaŵi kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 adapeza fuloraidi wopitirira muyezo wa WHO m'madzi a pansi a ku Nathenje, m'boma la Lilongwe, ndipo vutoli lidapezekanso m'madera ena monga Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. M'Zambia, chaka chomwecho cha 2007, V. Shitumbanuma ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana a sukulu m'boma la Choma, m'chigawo cha Kumwera. Bomali lisasokonezedwe ndi Chama. Iwo adapeza kuti madzi a akasupe otentha a kumeneko adali ndi fuloraidi woposa mamiligalamu 5 pa lita, ndipo ana amene adamwa madziwo ali aang'ono adali ndi mano owonongeka, pamene ochuluka mwa anzawo omwa madzi ena adalibe vutoli.

Mwana akamamwa madzi otere pamene mano akuwumbidwa, chikuto chimapangika chosakhwima, chokhala ndi timabowo tosawoneka. Dzino limatuluka lili ndi mizere kapena madontho otuwa ngati choko. Pambuyo pake timaboowo timamwa utoto wa zakudya, ndipo mawangawo amasanduka achikasu, kenaka ofiirira. Vuto likakula, chikuto chimakumbika ndi kubenthuka. Mano aakulu awiri am'tsogolo a m'mwamba, amene amawoneka munthu akaseka, amakhala pa ngozi kwambiri mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 3. Zizindikiro zosiyanitsa fulorosisi ndi uve ndi izi: mawanga amakhala ofanana mbali zonse ziwiri za kamwa, amakhalapo kuyambira pamene dzino latuluka, sachoka potsuka, ndipo amapezeka mwa ana ambiri amene adakulira pa chitsime chimodzi. Munthu akamwa madzi a fuloraidi wochuluka kwambiri kwa zaka zambiri, vuto limafika ndi m'mafupa momwe, msana ndi mfundo n'kuwuma.

Apa ndi pamene tanthauzo la -yera limasocheretsa kachiwiri. Fuloraidi alibe mtundu, alibe fungo, ndipo samveka m'kamwa. Madzi a pamjigo amene amatuluka oyera mbee, amene aliyense angawasankhe powayerekeza ndi madzi amatope a mumtsinje, akhoza kukhala ndi fuloraidi wochuluka. Sitikunena kuti mijigo ndi yoipa. Iyo yapulumutsa miyoyo yambiri ku kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba, ndipo mijigo yambiri ili ndi madzi abwino. Tikunena kuti maso sangaweruze nkhaniyi. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana kwambiri, malinga ndi mwala umene uliwonse udabowola. M'dera la m'chigwa ngati Chikwa, yankho lodalirika limachokera pa kupima madzi a chitsime chilichonse pachokha.

6.0 KAPEWEDWE

Kapewedwe kamatsata magulu atatu aja. Chikasu chomatirira chimapewedwa potsuka mano kawiri pa tsiku, makamaka usiku pokagona, kwa mphindi 2, ndi mswachi wofewa. Mswachi wa mtengo, ukatafunidwa bwino mpaka kufewa ndi kugwiritsidwa ntchito mosamala, umachotsa zomatirira bwino ndithu, ndipo aphunzitsi asamaunyoze. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi mutatha kumwa tiyi kumathandiza, ndipo kuleka fodya kumateteza mano, nkhama ndi moyo womwe.

Chikasu cha kuperepeseka chimachepetsedwa poleka kukwecha mano ndi mchenga, phulusa kapena makala, ndi pochepetsa zakumwa zowawasa. Munthu akangodya chowawasa kapena akangosanza, ayambe wachukucha ndi madzi n'kudikira kanthawi asanatsuke, chifukwa pa nthawiyo chikuto chimakhala chitafewa.

Pa chikasu chomera nacho, akuluakulu adanena kale kuti mmera m'poyamba. Chitetezo chonse chili m'zaka 8 zoyambirira za moyo. Njira zake ndi izi. Yoyamba ndi kupima madzi a mijigo ndi zitsime, ndi kulengeza zotsatira kwa eni mudzi m'chiyankhulo chimene amamva. Yachiwiri ndi kusankha: pamene mudzi uli ndi mjigo wa fuloraidi wochepa ndi wina wa wochuluka, woyambawo ukhale wa madzi akumwa ndi ophikira, makamaka a ana, ndipo winawo ukhale wochapira ndi wosamba, pakuti fuloraidi salowa m'thupi posamba. Madzi a akasupe otentha asakhale akumwa. Yachitatu ndi kukolola madzi a mvula a padenga la malata, amene ali ndi fuloraidi wochepa kwambiri, ndi kuwasunga mwaukhondo. Yachinayi ndi kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, pakuti mkaka wa m'mawere umakhala ndi fuloraidi wochepa ngakhale mayi akumwa madzi a fuloraidi wambiri. Yachisanu ndi kuchotsa fuloraidi m'madzi. Ku India, m'zaka za m'ma 1970, kudakonzedwa njira ya Nalgonda yogwiritsa ntchito alamu ndi laimu, ndipo ku Kenya dayosizi ya Katolika ya Nakuru idatchuka ndi zosefera za makala a mafupa a ng'ombe. Njira zimenezi zimafuna kuphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, chifukwa chosefera chikakhuta chimaleka kugwira ntchito popanda chizindikiro.

Tiyenera kutsindika kuti kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini, ngakhale zili njira zabwino zophera tizilombo, sizichotsa fuloraidi. Kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumamuwonjezera mphamvu, chifukwa madzi amachepa pamene mchere utsala.

Nanga mankhwala otsukira mano, amene ambiri timangowatcha kolugeti, popeza nawonso ali ndi fuloraidi? Amenewa ndi othandiza poteteza mano kuti asabowoke, malinga ngati sakumezedwa. Mwana wosafika zaka 3 apatsidwe kochepa ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nsawawa yaing'ono, ndipo wamkulu amuyang'anire kuti alavule.

7.0 CHITHANDIZO

Chithandizo choyenera chimayamba ndi kudziwa gulu la chikasu. Chomatirira chimachoka kuchipatala cha mano, kumene amapala chikhakha ndi zida zake n'kusalaza dzino. Ntchito imeneyi sichedwa, ndipo siifooketsa mano monga ena amawopera. Mipata imene imawoneka pambuyo pake ndi malo amene chikhakha chidadzaza.

Chikasu cha m'kati chimafuna njira zina. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala a hydrogen peroxide kapena carbamide peroxide, amene amalowa m'dzino n'kuswa utoto. Njira yovala mankhwalawa usiku m'kachikombole kopangidwa molingana ndi mano a munthu idafotokozedwa ndi Haywood ndi Heymann mu 1989. Imathandiza pa chikasu cha ukalamba ndi pa fulorosisi wochepa, koma imatha kuchititsa dzanzi, zotsatira zake zimazilala pakapita zaka, ndipo si ya ana aang'ono. Pa mawanga a pamwamba pa chikuto pali njira imene Croll ndi Cavanaugh adafotokoza mu 1986, yopala kagawo kochepetsetsa ka chikuto ndi asidi wopimidwa bwino wosakaniza ndi ufa wa mwala. Pamene dzino lakumbika, dokotala amalimata ndi phala la mtundu wa dzino kapena kuliveka chisoti. Dzino lakufa limayamba lachotsedwa mitsempha yowola lisanayeretsedwe.

Zithandizo zimenezi ndi zodula, ndipo zambiri zimapezeka m'mizinda, kutali ndi midzi ya m'chigwa. Kuvuta kwa chithandizo kumakankhira achinyamata ku njira zoopsa, monga kupaka mandimu, soda, mankhwala ochapira zovala kapena asidi. Zonsezi zimadya chikuto ndi kuwotcha nkhama, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera. Mnyamata kapena mtsikana wa mano a mawanga ayenera kuwuzidwa momveka kuti mano akewo si auve, si matenda opatsirana, ndipo kuwakwecha sikungawasinthe.

8.0 NTCHITO YA APHUNZITSI NDI OLEMBA

Taganizirani chiganizo ichi, chimene mphunzitsi aliyense angalembe pa bolodi ndi mtima wabwino:

(8) Tsukani mano kuti akhale oyera.

M'kalasi imene muli ana a mano a fulorosisi, chiganizochi chimaphunzitsa zinthu ziwiri zolakwika. Kwa anzawo chimanena kuti amene mano ake sali oyera satsuka, ndipo chitonzo chimayambira pomwepo. Kwa mwini mano chimanena kuti awonjezere mphamvu, ndipo iye amatola mchenga. Mwana wotonzedwa amaphunzira kuseka atagwira pakamwa ndi kupewa kuyankha mafunso, ndipo m'phunziro la chiyankhulo, limene limadalira kuyankhula, kuwerenga mokweza ndi kulakatula, kutayika kwake n'kwakukulu. Tikupempha kuti chiganizo (8) chilowedwe m'malo ndi zonga izi:

(9) Tsukani mano kuti asabowoke ndi kuti nkhama zikhale zolimba.
(10) Mano ena amamera ndi mawanga chifukwa cha mchere wa m'madzi. Mawanga otere sachoka potsuka.
(11) Madzi owoneka oyera ayenera kupimidwa kuti tidziwe ngati ali abwino kumwa.

Tikuperekanso mayina atatu amene tagwiritsa ntchito m'nkhani ino, chikasu chomatirira, chikasu cha kuperepeseka ndi chikasu chomera nacho, kuti akatswiri anzathu awayese ndi kuwakonza. Ubwino wake ndi wakuti amangidwa pa aneni odziwika kwa aliyense, ndipo dzina lililonse limanena lokha chochita: chomatirira chimachotsedwa, choperepeseka chimatetezedwa, chomera nacho chimapewedwa mwa ana amene akubwera. Olemba madikishonale angachite bwino kulekanitsa matanthauzo a -yera ndi -da ndi zitsanzo za zaumoyo, ndipo omasulira asiyanitse kutsuka mano ndi kusintha mtundu wa mano m'malo mophatikiza zonse m'liwu loti kuyeretsa. M'sukulu za ku Chikwa ndi madera ena a Chisenga ndi Chitumbuka, mphunzitsi afotokoze madontho oyamba a fulorosisi powafanizira ndi choko kapena ufa, osadalira liwu loti kutuwa lokha, ndipo alole ana kutchula zimene akuwona m'chiyankhulo cha kwawo. Mawu amene anawo ndi makolo awo amagwiritsa ntchito pa mino, monga amatchulira mano, ndi chuma chimene ofufuza ziyankhulo ayenera kusonkhanitsa ndi kulemba.

9.0 MAWU OMALIZA

Tawona kuti mano amakhala achikasu pa zifukwa za magulu atatu, ndipo gulu limodzi lokha ndilo limakhudzana ndi ukhondo wa mwini mano. Tawonanso kuti Chichewa, pophatikiza mtundu ndi ukhondo m'tsinde limodzi, chimapangitsa womva kuweruza munthu wa mano a mawanga ndi kukhulupirira madzi osapimidwa. Chiyankhulo chili ndi mawu okwanira olekanitsira zimenezi, ndipo chofunika ndi kuwasankha. Mphunzitsi wa m'chigwa akawona ana angapo a mudzi umodzi ali ndi mawanga ofanana pa mano am'tsogolo, afunse kumene anawo ankatunga madzi ali aang'ono, ndipo adziwitse azaumoyo ndi komiti ya mjigo kuti madziwo apimidwe. Mano a ana amene ali m'kalasiwo adawumbidwa kale, koma a ang'ono awo amene ali kumsana akuwumbidwa tsopano.